Ndinaphunzitsa kompyuta kunama, a Mwale n'kuchotsedwa ntchito

Ndivomereretu pachiyambi pomwe, chifukwa ndikazengereza ndiyamba kudzikometsera. Fodya wa amalume anga, wodzaza balani lonse, ndinawononga ndine, ndipo munthu amene anachotsedwa ntchito chifukwa cha fodyayo analibe mlandu. Nkhuni sindinagwire, kung'anjo sindinayandikireko. Ndinangosintha mzere umodzi pa kompyuta.

Ndine mnyamata wa Fomu 3, ndimakhala kwa amalume m'mudzi wina kufupi ndi Santhe. Amene amandidziwa akuuzani kuti kupulupudza ndi ndiwo yanga. Ndinaikapo chule m'bokosi la choko la aphunzitsi a masamu. Ndinasinthapo foni ya mkulu wa kwaya kuti izilemba Chitchaina, iwo n'kutha sabata yathunthu akuimbira anthu olakwika. Zimenezo ndikazikumbukira ndimasekabe, ndipo musadikire kuti ndipepesa. Koma iyi yomwe ndikuuzeniyi, inu owerenga, ndi ina.

Amalume amalima fodya wowotcha m'balani. Amene simunaonepo, balani ndi nyumba yaitali ya njerwa yopanda mawindo oonera kunja. Panja pamakhala ng'anjo, ndipo mapaipi amayendetsa kutentha m'kati momwe mwapachikidwa fodya. Masiku awiri oyamba moto umafunika wofatsa kuti tsamba lisanduke lachikasu. Ukafulumira kukoleza, tsamba limauma lidakali lobiriwira, ndipo likatero latero, palibe wolibweza. Ntchito yosonkha motoyi kwathu inali ya a Mwale, bambo wa mudzi woyandikana nafe, amene anayamba kuwotcha fodya ine ndisanabadwe. Iwo ankangotsegula kachitseko, n'kupisa mkono m'kati, n'kununkhiza, n'kupinda tsamba pachala, basi adziwa kuti awonjezere nkhuni kapena aphule. Alimi angapo a dera lathu ankachita kuwalimbirana.

Ndiye pali msuweni wanga Tadala, mwana wa amalume, amene akuphunzira zamagetsi ku koleji. Mukudziwa chisuweni. Ine ndimamutcha mkazi wanga, iye amanditcha mwamuna wake wopanda ndi nkhuku yomwe, ndipo chipongwe chilichonse pakati pathu n'chololedwa. Patchuthi cha Khirisimasi anabwera ndi kachipangizo koyezera kutentha, poti themometa yagalasi ya amalume inasweka chaka chatha. Anakapachika pakati pa balani. Waya wake anautulutsa kunja n'kuulumikiza ku laputopu yakale yomwe anaiika m'kachisakasa pambali, ikudya moto wa batire la sola. Nambala inkaoneka pagalasi, komanso mzere wosonyeza momwe kutentha kwayendera.

Laputopuyo inali ya Linux, ndipo masabata awiri a tchuthicho ndinamumatirira Tadala ngati nkhupakupa mpaka anandiphunzitsa. Anati m'kati mwa kompyuta muli chomwe amachitcha kenelo, chomwe chili ngati kapitawo wa pa esiteti. Mapulogalamu ena onse sayankhula okha ndi zipangizo, amafunsa kapitawoyo. Koma kapitawo sadziwa chiyankhulo cha chipangizo chilichonse, ndiye umamulembera kapulogalamu kakang'ono komumasulira, kotchedwa modyulo, n'kukalowetsa m'kati mwakemo kompyuta ikugwira ntchito. Modyulo ya kachipangizo kathuka analemba yekha. Anandionetsa kuimanga polemba make, kuilowetsa polemba insmod, ndi kuitulutsa polemba rmmod. Anandichenjezanso kuti chomwe chalowa m'kenelo chimakhulupiriridwa chonse, palibe amachifunsa kawiri. Ine mawu amenewo sindinawamve ngati chenjezo. Ndinawamva ngati kuitanidwa kuphwando.

Ndinayeserera pa timamodyulo tanga topanda pake. Kawiri konse kompyuta inauma gwa, osayankha chilichonse, mpaka tinachita kuizimitsa pa batani. Tadala ankanditukwana, ine ndikugubuduzika ndi phwete.

Mwayi unabwera pamene amalume anaitana anzawo a kalabu ya alimi kuti Lamlungu tikaweruka kutchalitchi adzaone nzeru za mwana wawo. Loweruka masana Tadala atapita kuchigayo, ndinatsegula zomwe analemba. Choyamba ndinasunga modyulo yake yabwino pa fulashi yanga, kuti ndidzaibwezere nthabwala ikatha. Kenako ndinapeza mzere womwe umapereka nambala, n'kuwonjezerapo kuti izichotsera 12 isanaionetse. Ndinaikanso kauthenga koti kazilembedwa m'kaundula wa kenelo, momwe kompyuta imalemba zonse zochitika m'kati mwake, modyuloyo ikamalowa, koti moni mkazi wanga, kukuzizira eti. Ndinamanga. Apa ndiye panali pogwera. Ndinali nditamuonapo Tadala akulemba make install, ine n'kumaganiza kuti ndi kumanga komweko koma kwa akatswiri. Ndinalembanso zimenezo, pofuna kudzimva ukatswiri, osadziwa kuti zimachita chiyani. Ndinatulutsa yake, n'kulowetsa yanga.

Lamlungu lija kunatentha koopsa. Azibambo anadzazana pakachisakasa atavala majekete a kutchalitchi, thukuta lili kamukamu, Tadala n'kuwalozera pagalasi monyadira. Nambala inati 19. Bambo wina anapukuta pamphumi n'kunena kuti sanadziwe zoti Kasungu wasanduka Dedza, akanabwera ndi bulangete. Anthu anafa nako kuseka. A Mwale anangomwetulira chapansipansi. Tadala anazungulira balani, anagwedeza waya, anakwera n'kukatsika, nkhope itagwa. Atatembenuka anandipeza ndikuluma kolala ya malaya kuti ndisaphulike. Anandigwira khutu pamaso pa anthu onse n'kundikokera pa laputopu. Ndinalemba rmmod, ndinalowetsa yabwino ija kuchokera pa fulashi, nambala n'kulumphira pa 31. Anthu anawomba m'manja. Sindikubisirani, tsiku limenelo ndinagona mtima uli mbee, ndipo mpaka pano ndimati inali nthabwala yokoma.

Tadala anandifunsa ngati ndachotsa zonse. Ndinati zonse. Sindinkanama, ndinkakhulupiriradi choncho. Lachiwiri anakwera minibasi kubwerera kusukulu, atamata pakhoma pepala la manambala oyenera tsiku lililonse. Amalume, mwina pofuna kufafaniza manyazi omwe mwana wawo anaona, analengeza kuti chaka chino m'balani mwawo muyenda nambala, osati zongopisa mkono.

Inu owerenga, mvetsani pomwe ndinalakwitsa. Kulemba rmmod kumangotulutsa modyulo pa nthawi imeneyo. Koma make install ija inali itatenga modyulo yanga yabodza n'kukaiika pamalo pomwe kompyuta imakatenga yokha ikamayaka, pamwamba pa ya Tadala. Mlendo ndinamupirikitsa pabalaza, koma mphasa ndinali nditamuyalira kale kuchipinda. Laputopu inazimitsidwa n'kusungidwa kudikira kuti fodya akhwime. Tsiku lomwe anaiyatsanso, inadzitengera yanga ija mwakachetechete.

Kumapeto kwa Januwale tinathyola fodya woyamba, tinasoka, tinapachika, Lolemba a Mwale n'kuyatsa moto. Lachiwiri m'mawa ndikuvala yunifomu ndinamva akukangana kubalani. A Mwale ankati m'katimo mwatentha mopitirira, tsamba layamba kuuma m'mphepete lisanapse chikasu, ndipo anapempha kuti aphuleko zikuni ziwiri. Amalume ankaloza pagalasi pomwe panalembedwa 36, ndendende ndi pepala la pakhoma. Anati mwana wawo sanapite ku koleji kukasewera, ndipo a Mwale akaphula moto nambala itsika, fodya awola. A Mwale anabwerezanso kachiwiri, modekha. Atakanizidwanso anangoti, “Fodya ndi wanu, a Banda,” n'kukankhira chikuni m'ng'anjo.

Ine ndinadutsa pomwepo, chikwama kumsana, ndikuseka chamumtima kuti mdala walimbana ndi makina. Sizinandifikire m'mutu n'komwe.

Zinandifikira Lachitatu, m'kalasi, aphunzitsi akulemba pabolodi zinthu zina zosagwirizana nazo. Ndinangokumbukira zala zanga zikulemba mawu awiri aja, make install. Titaweruka sindinadikire anzanga. Ndinapeza amalume atapita kumunda, a Mwale akuwaza nkhuni kuseri. Ndinalowa m'kachisakasa n'kutsegula kaundula wa kenelo. Unali pomwepo, moni wanga uja, ukufunsa mkazi wanga ngati kukuzizira. Masiku atatu onsewo balani linali likutentha madigiri 12 kuposa zomwe galasi linkanena.

Cholakwa choyamba chinali cha umbuli. Chachiwirichi ndinachichita ndi maso awiri. A Mwale anali pamtunda wa mapazi makumi awiri okha, nkhwangwa yawo ndinkaimva. Ndikanatha kuwaitana. M'malo mwake ndinatulutsa modyulo yabodza, ndinalowetsa yabwino, ndinaikhazika pamalo pake penipeni, ndinafufuta yanga, n'kuyeretsa kaundula yense. Ntchito ya mphindi zisanu, yaukhondo, yoti Tadala akanaiona akanandiyamikira. Nambala inachoka pa 48 n'kufika pa 60 m'kuphethira kwa diso, ndipo mzere wa pagalasi, womwe unkakwera pang'onopang'ono, unaima njo ngati khoma. Umenewo sindinathe kuufufuta. Ndinatuluka n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango, buku lili m'manja mozondoka.

Amalume atabwera n'kuona khomalo pagalasi, anaima nthawi yaitali. Moto sungakwere chotero kamodzin'kamodzi, zimenezo ankazidziwa. Ndiye anapeza yankho lawo. Anati munthu wina anatsitsa kachipangizo kaja n'kukapachika pafupi ndi chiboo cha pansi cholowera mphepo yozizira, kuti makina azinama, kenako mantha atamugwira wakabwezera pakati. Ndipo ndani amene ankadana ndi makinawo chiyambire? Ndani anamwetulira tsiku lomwe Tadala anachita manyazi? Madzulo amenewo sananene zambiri, anangouza a Mwale kuti tidzaonera potsegula.

Tinatsegula Lolemba lotsatira, dzuwa litakwera. Fodya yemwe amayenera kutuluka wachikasu ngati nthochi yakupsa anatuluka wobiriwira, wouma, wongofumbutuka ukamugwira. Wa m'munsi, pafupi ndi mapaipi, anali wakuda. Anali fodya woyamba, amene amalume anamuyang'anira kuyambira ku nazale mwezi wa Seputembala. Anansi anabwera, monga anthu amabwerera pakagwa zinthu. Ndipo pamaso pa onsewo amalume ananena kuti a Mwale awononga fodya dala chifukwa cha kaduka, poopa kuti makina a mwana wamkazi awalanda ulemu. Anati munthu wotere sangamusiyirenso moto.

A Mwale sanakweze mawu. Anati iwo kachipangizoko sanakagwirepo, ndipo Lachiwiri ananena kawiri kuti mwatentha. Amalume anayankha kuti ankadziwa kuti mwatentha chifukwa anachititsa ndi iwowo. Apa anthu anang'ung'udza movomereza, poti zinkamveka ngati zanzeru. Ine ndinali pakhomo la balani, ndanyamula fodya wakufayo m'manja onse awiri. A Mwale anandiyang'ana kamodzi, osati mondikayikira ayi, koma ngati munthu wofuna nkhope imodzi yokha yomudziwa. Ndinayang'ana pansi. Anatenga ketulo yawo ndi chikwanje, anamangirira pa njinga, n'kuikankha osakwera mpaka anakhota pa msewu.

Mbiri yoipa ilibe minga kumapazi. Pofika tsiku la msika nkhani inali ponseponse, ndipo inali itanenepa. Alimi amene ankawalimbirana anapeza anthu ena. Amalume anatenga mnzawo wina wa kutchalitchi kuti aziwotcha motsata nambala, ndipo poti makina tsopano ankanena zoona, fodya wachiwiri anatuluka wokongola. Zimenezo zinangotsimikizira aliyense kuti vuto anali a Mwale. Tadala ataimba foni kufunsa zomwe zinachitika, ndinamuuza zomwe aliyense ankanena. Ndinakhala chete masabata atatu. Ndinkadya, ndinkapita kusukulu, ndinamangiriranso zingwe za nsapato za mnzanga ku desiki. Ndinkadziuza kuti a Mwale ndi munthu wamkulu, apeza pena.

Loweruka lina amalume anandituma ku Santhe kukagula ulusi wosokera fodya. Pa sitolo ya a Saidi panaima lole, anthu akutsitsa matumba a mchere, ndipo mmodzi wa iwo, mutu uli mbuu, anali a Mwale. Ndinafuna kuzemba koma anandiona. Anatula thumba, anapukuta manja pa buluku, n'kundipatsa moni ngati kale, akunditcha mphwawo. Anafunsa za sukulu. Kenako anafunsa, motsitsa mawu, ngati fodya wachiwiri anatuluka bwino. Ndinati anatuluka bwino. Anagwedeza mutu kwa kanthawi.

“Ndiye kuti makina aja ndi olondola,” anatero. “Ndakhala ndikuganiza, mphwanga. Kachipangizo sindinakagwire, Mulungu akudziwa. Koma mwina penapake ndinaphonya ine osazindikira. Mkono umakalamba. Ndawauza amayi akunyumba kuti za moto ndasiya, ndisadzawonongerenso munthu wina.”

Kutukwanidwa ndikanapirira. Koma munthu amene ananena zoona yekhayekha pakati pa tonsefe anali atayamba kudzikayikira, chifukwa cha ine. Ulusi ndinagula, koma momwe ndinafikira kunyumba sindikukumbukira.

Amalume ndinawapeza m'munda akudula nsonga za fodya. Ndinawauza zonse nditaimirira pakati pa mizere, kuyambira Loweruka la kuchigayo mpaka mphindi zisanu zija. Ndinkayembekezera khofi, ndipo ndikanalilandira mosangalala. Sanandimenye. Anandifunsa funso limodzi, loti Lolemba lija, iwo akunyoza munthu pamaso pa mudzi, ine ndinali kuti. Ndinati ndinali pakhomo la balani. Anapitiriza kudula nsonga mpaka kumapeto kwa mzere. Madzulo anaimbira Tadala n'kundipatsa foni kuti ndinene ndekha. Tadala anamvetsera mpaka ndinamaliza, ndipo poyankha sananditche mwamuna wake. Anatchula dzina langa lonse, la m'kaundula wa kusukulu, n'kunena kuti naye analakwa posayang'ana yekha, koma kuyeretsa kaundula kuja n'kwanga ndekha.

M'mawa mwake tinapita kwa a Mwale wapansi, amalume atakolekera tambala m'khwapa. Tinakhala pakhonde. Amalume, munthu amene sindinamuonepo akupepesa, anavula chipewa n'kupepesa. Kenako inali nthawi yanga. Kufotokozera a Mwale za kenelo ndi modyulo kunali kovuta, ndiye ndinangoti makina aja ndinawauza ndine kuti azichotsera, ndinaiwala kuwaletsa, ndipo nditazindikira ndinabisa. Anandifunsa kuti ankachotsera zingati. Ndinati 12. Anasisita mkono wawo wamanja kuyambira pachigongono, kenako anaitana akazi awo kuti abwere adzamve okha. Ndinabwerezanso zonse kachiwiri, mayiwo ataima pakhomo, akundiyang'ana osaphethira.

Tambala analandira. Koma amalume atawapempha kuti abwerere kubalani, anakana mwaulemu. Anati amene anamva kuti iwo ndi akaduka ndi ambiri kuposa amene akhala pakhondepo, ndipo sangasonkhe moto pamalo pomwe mawu awo anachepa kuposa galasi. Amalume sanakakamize. Pobwerera anandipatsa chilango changa: khomo lililonse lomwe a Mwale ankawotchako fodya, ndi la aliyense amene analipo Lolemba lija, ndipiteko ndekha ndikanene zomwe ndinachita.

Ndakhala ndikuyenda, tsiku lililonse ndikaweruka kusukulu. Ndipo chomwe chikundipweteka n'chakuti anthu nkhaniyi akuikonda. Amaseka, amaitana ana awo kuti adzaone mfiti ya kompyuta, ena amandiwotchera chimanga. Ine, poti ndine ine, pena ndimapezeka ndayamba kuikometsa, ndikuyerekeza nkhope ya Tadala, mpaka ndikafika pa a Mwale m'pamene kukometsako kumatha. Anthuwo amati pepani, zachisoni, mdala uja tinamulakwira. Koma anthu owotcha anawapeza kale, ndipo fodya wa chaka chino watsala pang'ono kutha. Mpaka lero palibe ndi mmodzi yemwe amene waitana a Mwale.

Ndiye anzanga okonda kutokosa makompyuta, sindikuuzani kuti musiye. Ine sindinasiye, ndipo kulowetsa chinthu chako m'kenelo n'kuona chikugwira ntchito n'kokoma kuposa momwe ndingafotokozere. Koma yeserani pa kompyuta yomwe palibe munthu akuidalira. Musalembe lamulo lomwe simukudziwa ntchito yake chifukwa choti munaona wina akulilemba. Mukati mwachotsa modyulo, zimitsani kompyuta, muyatsenso, muone chomwe yadzitengera, chifukwa chotuluka pakhomo si ndiye kuti chasamuka. Ndipo inu akuluakulu, munthu wodziwa ntchito yake akakuuzani kawiri kuti pano pali cholakwika, musamutsekere pakamwa ndi nambala. Kuseri kwa nambala iliyonse kuli munthu amene anailemba, ndipo nthawi zina munthuyo ndi mwana wopulupudza ngati ine.

Koma chachikulu n'ichi. Mukapeza kuti nthabwala yanu yaluma munthu, muitaneni nthawi yomweyo, adakali pafupi. Fodya uja pofika Lachitatu anali atapita kale, sindikanamupulumutsa. A Mwale ndikanawapulumutsa, ndipo zinkangofunika kuti nditulutse mutu m'kachisakasa n'kuwaitana. Dzulo ndinadutsanso pa sitolo ya a Saidi. Kunabwera lole ya simenti, ndipo a Mwale anali pamzere wa otsitsa.